Chinangwa cha Nyengo ya Mwera

Mwera unayamba kuwomba m'mamawa Lolemba limenelo, ndipo pofika nthawi yoti ana alowe m'kalasi nyanja inali itayera ndi thovu mpaka kutali. Panalibe bwato lomwe linalowa m'madzi. A Zacharia Longwe anakokera lawo pamtunda, nakwera njinga kuchoka ku Bandawe kupita ku Chintheche kukagula ulusi wosokera ukonde.

Atagula ulusiwo, pakhomo pa sitolo anakumana ndi Madamu Agness Kachale, mphunzitsi wochokera ku Dedza amene anaphunzitsa mwana wawo Nthanda masamu ku sekondale.

"A Longwe, mwandipulumutsa ulendo. Ndimati ndibwere kwanu. Kodi mwana uja mwamuletsa ndinu?"

A Zacharia anatsamiritsa njinga pakhoma. "Kumuletsa chiyani?"

"Sukulu."

"Paja anasankhidwa."

Zoti anasankhidwa mudzi wonse unkadziwa. Dzina la Nthanda linatuluka pa mndandanda wa opita ku yunivesite ya ku Lilongwe kukaphunzira za ulimi wothirira, ndipo abusa anachita kulengeza m'tchalitchi. A Zacharia ankayesa kuti nkhani inathera pomwepo.

"Kusankhidwa n'kwina, kuvomera n'kwina," anatero Madamu. "Afunika alowe pa kompyuta, avomere malowo, alembetse maphunziro a chaka choyamba. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu la sabata yamawa. Likadutsa, malo apita kwa wina. Anabwera kusukulu sabata yatha, ndinamutsegulira zonse. Anakopera mayina a maphunziro onse m'kope mwake bwinobwino, kenaka anati zikomo Madamu, n'kunyamuka. Ndinamufunsa chavuta n'chiyani, anangoti kunyumba."

A Zacharia anayang'ana ulusi m'manja mwawo.

"Yewu," anathokoza m'chilankhulo cha kwawo, nakwera njinga.

Anamupeza Nthanda kuseri kwa nyumba akusefa ufa wa chinangwa wophikira kondowole. Ntchito imeneyi anaitenga ali ndi zaka khumi ndi zinayi, mayi ake Emily atamwalira. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munali anthu awiri okha. Achibale anayesa kangapo kuwapezera a Zacharia mkazi wina, iwo n'kumangoyankha kuti amva, mpaka achibalewo anatopa.

"Ndaonana ndi Madamu."

Nthanda sanadzutse mutu. Sefa inapitiriza kugunda pachikhatho.

"Ndidzayesanso chaka chamawa, Ada. Kuli maphunziro ena ophunzirira pakhomo."

"A zothirira?"

"Ayi. Ena."

"Chifukwa?"

Pamenepo anaika sefa pansi. "Muzidya chiyani? Muja ndinkalemba mayeso ndinagonera kusukulu masabata awiri okha. Ndinakupezani lamba mutaboola bowo latsopano. Tiyi ndi usipa wootcha, basi. A Mavis, akazi a bambo aang'ono, anakubweretserani ufa, munaubweza."

"Ali ndi ana awo."

"Mwaona? Ndiye zaka zinayi?"

A Zacharia anakhala pa chitsa n'kuyamba kusoka ukonde. Ankakumbukira kamtsikana kakang'ono kakuyenda m'mbali mwa ngalande za mpunga ku Limphasa, kwawo kwa mayi ake, kakufunsa kuti ndani amauza madzi koti apite. Emily ankaseka, n'kumati ameneyu adzatizunguza mutu.

M'mawa mwake Nthanda ananyamuka kupita ku Limphasa komweko kukathandiza amalume ake kupuntha mpunga, monga anali atalonjeza kale. Anasiya ufa wokwana masiku asanu ndi limodzi m'ndowa, atavundikira ndi mbale. Minibasi itangomutenga, a Zacharia anakweza ndowayo pamwamba pa kabati, natenga khasu.

Kukumba chinangwa ankadziwa, poti munda analima okha. Kusenda kunawatengera m'mawa wonse, ndipo zala zinachita matuza. Masana anasenza thumba kupita kudambo, kumene amayi a m'mudzimo ali ndi maenje awo onyikamo chinangwa chowawa kuti ululu utuluke. Dzenje la Emily linali lachitatu kuchokera pa mtengo wa mkuyu. Tsopano linkatchedwa la Nthanda.

Amayi anayi amene anali pamenepo anasiya kulankhula. Woyamba kuseka anali a Mavis, mkazi wa mng'ono wawo.

"Alamu, mwasochera! Nyanja ili uko!"

"Ndaiona."

"Nanga chitenje mwasiya kuti? Kuno sitilowa ndi buluku."

Anzawo anafa nacho chiseko. A Zacharia anakhuthulira chinangwa m'dzenje, napsinja ndi miyala monga ankaonera mkazi wawo akuchita.

"Ndikuuzeni kachitidwe kake?" anafunsa a Mavis, chiseko chitachepa.

"Ndikudziwa."

Chimene ankadziwa n'chakuti Emily ankanyika Lachiwiri n'kuvuula Lachisanu. Ankakumbukira bwino chifukwa panali chaka china, dzuwa la Okutobala lili tswee, pamene Emily anali ndi pakati pa Nthanda, ndipo iwo ankamunyamulira dengu kuchokera kudambo Lachisanu lililonse. Masiku atatu. Anawerenga pa zala.

Lachisanu analawirira amayi asanafike. Madzi anali ozizira mpaka kulowa m'mafupa. Chinangwa chinali cholimba pang'ono, koma anati mwina ndi mmene chimakhalira. Anachiduladula ndi mpeni, nachiyanika pa thandala. Asanachoke kudambo anali atanyikamo china chatsopano chimene anakumba dzulo lake, poti Emily sankasiya dzenje lopanda kanthu. Mwera unathandiza kuumitsa. Lamulungu atachoka kutchalitchi anatsekera mtondo m'khitchini kuti anthu asaone, nasinja. Ufa unatuluka woyera ndithu. Anaphika, nadya. Kunali kuwawa kukhosi, koma anamaliza, poti anali ataphika okha.

Dzuwa lisanapendeke nyumba inayamba kuzungulira. Anayesa kufika pa mpando wa pakhonde, miyendo inakana. A Mavis anawapeza atagwada pafupi ndi thandala akusanza. Anathamangira kukaitana wazaumoyo wa m'mudzimo, amene anawayang'ana, nawapatsa madzi a thanzi, n'kunena kuti mwayi wake asanza msanga.

Nthanda anafika Lolemba m'mawa, kathumba ka mpunga kali pamutu. Anapeza bambo ake atagona pamphasa pansi pa mango, a Mavis atakhala pambali.

"Bwera udzaone mpongozi wathu watsopano," anatero a Mavis. "Wavuula chinangwa cha masiku atatu. M'nyengo ya mwera! Madzi ozizira ngati awa, ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa kuti chimafuna asanu, asanu ndi limodzi. Ndinati ndikuuzeni, akuti ndikudziwa. Safunsa anadya phula, alamu. Inu mwadya choposa phula."

Nthanda anatula mpunga. Analowa m'nyumba, naona ndowa ya ufa wake ili pamwamba pa kabati, mbale ili chivundikirire. Atatuluka maso anali ofiira, koma mawu ake anali osanjenjemera.

"Ada, mukanafa."

"Sindinafe."

"Nkhani ya sukulu ija tisaikambenso. Mwandiyankha nokha."

A Mavis anaona kuti apa nthabwala zatha, ananyamuka. Bambo ndi mwana anatsala awiri. Mphepo inkagwetsa timasamba touma pamphasa. A Zacharia pa moyo wawo wonse sanapemphepo munthu kuti awaonetse kanthu. Kupalasa bwato anaphunzira poyang'ana, kusoka ukonde chimodzimodzi. Mawu amene ankafunika apa anali amodzi okha, koma anali olemera kuposa bwato lonyowa.

"Nthanda."

"Ada."

"M'dzenje muli china. Cha Lachisanu. Undiphunzitse."

Mwanayo anawayang'ana ngati wamva chilankhulo chachilendo.

"Ndikalephera, ukhale," anatero a Zacharia. "Ndikakhoza, upite."

Lachiwiri m'mawa Nthanda anawadzutsa, napita nawo kudambo.

Anagwada m'mphepete mwa dzenje, nachotsa mwala umodzi, n'kutulutsa chinangwa. "Musawerenge masiku, Ada. Ama sankawerenga. Inu ndi amene munkawerenga, chifukwa munkangobwera kudzanyamula. Gwirani apa. Dinikizani ndi chala chachikulu."

Anadinikiza. Chala chinalowa pang'ono n'kuima.

"Mwamva? Kunja kwafewa, m'kati mudakali moyo. Tsopano thyolani. Kamtsitsi kapakati aka, kokani."

Anakoka. Kanaduka.

"Chikafewa bwino kamasololoka konse, osalimbana nako. Nunkhizani."

Ananunkhiza. Amayi a maenje ena ankayang'ana, koma tsiku limeneli panalibe woseka. Nthanda anatenga dzanja la bambo ake, lokhakhala ndi zingwe za ukonde, nalilowetsa m'madzi mpaka pansi. "Muzitenga cha pansi ndi cha pakona. Cha pamwamba chimanama, chimamva dzuwa. Ama anandigwira dzanja chonchi pompano."

A Zacharia sanachotse dzanjalo msanga, ngakhale madzi ankaluma.

Lachitatu anapitanso. Pamwamba pa madzi panali thovu, ndipo fungo linkamveka munthu asanafike pa mkuyu. Nthanda anatulutsa chimodzi, nachifinya, nati, "Chatheka. Vuulani, Ada. Ndagwira dengu."

A Zacharia anapinda malaya. Anatenga cha pamwamba, chinaphwanyika m'manja ngati nthochi yakupsa. Anachiika m'dengu. Kenaka anapisa mkono pakona, pansi penipeni, natulutsa chachikulu. Anadinikiza. Anathyola, nakoka kamtsitsi. Kanabwera theka, n'kuduka. Ananunkhiza, naganiza. Anatenga chija anaika m'dengu n'kuchibwezera m'madzi, napsinja mwala.

"Ayi. Mawa."

"Ada, ine ndachita zimenezi zaka zinayi. Ndikuti chatheka."

"Mawa."

"Mukunditsutsa?"

"Eya."

Nthanda anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. A Zacharia anayesa kuti akulira, ndipo mwina pang'ono ankaliradi, koma kwakukulu ankaseka. Kuchokera pa dzenje lachisanu a Mavis anakuwa kuti, "Wakhoza mpongozi! Tinapangana dzulo kuti timuyese. Mukanavuula lero, alamu, bwenzi mwana uyu akukalambira pa mtondo wanu."

A Zacharia anapukuta manja pa buluku. "Dengu ubwere nalo mawa," anatero.

Lachinayi kamtsitsi kanasololoka konse. Anavuula okha, natsuka, nafinya, nanyenyanyenya pa thandala, Nthanda atakhala pa chitsa manja ali pamiyendo, osaloledwa kugwira kanthu. Masana a Mavis anadutsa ndi kambale ka ndiwo zamasamba. Anaima patali pang'ono, pokumbukira ufa wawo uja unabwezedwa. A Zacharia anayang'ana mbaleyo, nayang'ana mwana wawo amene ankawayang'anitsitsa. Anatambasula manja onse awiri.

"Yewu, alamu."

"Ambuye! Lero kugwa mvula," anatero a Mavis.

Lachisanu mwera unali utachepa, ndipo mabwato ena analowa m'madzi. A Zacharia sanapite nawo. Anavala jekete la kutchalitchi, namukweza Nthanda pa keliyala ya njinga monga ankachitira ali ku pulayimale. Kusukulu Madamu Kachale anawalowetsa m'chipinda cha makompyuta, nawapatsa mpando. Iwo anakhala m'mphepete mwa mpandowo, chipewa chili pabondo.

Nthanda anatsegula kope lake. Pa tsamba lija anakopera mayina a maphunziro, pepala linali litafewa ndi kupindapinda. Anayamba kuchonga pa kompyuta limodzilimodzi, akutanthauzira bambo ake: masamu, sayansi ya nthaka, kujambula mapulani, chiyambi cha kayendedwe ka madzi.

"Limenelo ndi liti?"

"Lomaliza? Ndi la mmene madzi amayendera m'ngalande ndi m'mapaipi."

"Ndani amawauza koti apite," anatero a Zacharia.

Nthanda anatembenuka. Sankadziwa kuti bambo ake anamva funso limenelo, kapena kuti analisunga zaka zonsezi.

Panatsala kabokosi kamodzi pansi pa tsamba. Chala chake chinaima pamwamba pa batani.

"Ada, m'nyengo yotentha musadikire masiku asanu ndi limodzi. Chimawola."

"Ndizidinikiza."

"Ndipo mukadwala muziuza a Mavis."

"Dina, mama."

Anadina. Pa kompyuta panatuluka mawu obiriwira, ndipo Madamu anaomba m'manja kamodzi, nati pali mafomu ena a malo ogona ofunika kudzaza, atenga ola lathunthu. A Zacharia anaimirira, navala chipewa. Anaika dzanja pamutu pa mwana wawo kanthawi kochepa, monga munthu woyesa ngati chinthu chauma, natuluka.

Atafika kunyumba anavula jekete, natembenuza chinangwa pa thandala. Kenaka anatenga khasu ndi thumba, napita kumunda kukakumba china choti akanyike m'dzenje lachitatu kuchokera pa mkuyu.