Kalata Yoitana Luwiza

Luwiza anali wapolisi womvera malamulo mpaka anzake ankamuseka kuti abwana atamuuza kuti asapume, angafere pomwepo ali chiimire. Zaka khumi ndi zinayi anagwira ntchito pa rodibuloko ina kufupi ndi malire a Zambia, osalandirapo ngakhale botolo la chakumwa kwa dalaivala.

Tsiku lina lole yodzaza chimanga inadutsa pa rodibulokoyo popanda mapepala, n'kukagwidwa kutsogolo. Akuluakulu atayang'ana ndandanda ya ogwira ntchito tsikulo, anapeza dzina la Luwiza. Koma iye anali kumaliro a malume ake ku Dambe. Anali atasinthana tsiku ndi mnzake Greyson, pakamwa pokha, monga ankachitira onse pamalopo. Greyson atafunsidwa, anangoti sakukumbuka. Munthu sam'dziwira pa mtendere ayi.

Luwiza anapatsidwa kalata yomuimitsa ntchito. Kalatayo inati adzaitanidwa kuti akamve mlandu wake n'kudziyankhira yekha, ndipo atha kubwera ndi mboni. Inatinso kufikira tsikulo asapondenso papolisipo.

Sanaope. Anakwera kabaza kupita ku Dambe kukapempha abusa amene analalikira pamalirowo kuti adzamuikire umboni. Mayi Esitele, amene anaphika nawo limodzi kusiwa, anavomeranso. Luwiza anapezanso chithunzi cha pafoni chomuonetsa akuika nkhata pamanda. Mawu oti akanene anawaloweza ngati vesi, ndipo ankawabwereza akuchapa, akusesa.

Mwezi unatha, wachiwiri n'kuthanso. Akaimba foni ku ofesi ankangomuyankha kuti, "Dikirani kalata, mayi." Popita kumsika ankazungulira njira yakuseri kwa chigayo, kuopa kuti wina angamuone pachipata cha polisi n'kunena kuti waphwanya lamulo.

M'mawa wina a Mateyo, mesenjala wa papolisipo, anafika panjinga ndi envulopu. Luwiza anaing'amba mwachimwemwe, poganiza kuti tsiku lake lafika. Kalatayo inati wachotsedwa ntchito, popeza sanabwere pa tsiku la mlandu wake.

"Sindinabwere bwanji, a Mateyo? Anandiitana ndani?"

"Kalata yoitana inabwera ndithu, mayi. Ndinaiika ndekha m'kabokosi kanu ka makalata ku ofesi. Ndi mmene timaika zonse."

"Ku ofesi komwe anandiletsa kupondako?"

A Mateyo anakanda m'mutu. "Ine anangoti ndiike basi. Iyi yokha ndiye anati ndikupatseni pamanja, musayinire."

Luwiza anamva mtima kuwawa. Analibenso wina womuuza, ndiye anayamba kunena mawu ake aja pomwepo pakhomo. Anatchula tsiku la maliro, dzina la abusa, nthawi imene analankhula ndi Greyson. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chija. A Mateyo anamvetsera zonse atagwira njinga yawo, osamudula mawu ngakhale kamodzi.

"Zikumveka ndithu, mayi," anatero pomaliza. "Akanamva zimenezi, kaya."

Anamupatsa cholembera, ndipo Luwiza anasayina, chifukwa sanazolowere kukana. A Mateyo anapinda pepalalo bwinobwino, nakwera njinga, kenaka anacheuka.

"Ndikanaiwala. Akuti mawa mubweretse yunifolomu ndi nsapato. Tsopano mukhoza kulowa."