Dzina la Chilumba

Grayson, mlonda wa pasukulu yathu ku Al Thumama, kuno kudziko la Aluya, munthu wa ku Chipata wokonda nthabwala, sanandimwetulire m'mawa umenewo.

"Amayi Misozi, a Issa akukufunani ku office. Yalla, fulumirani, musadutse ku staffroom. Kwabwera maparents awiri."

Ndinadziwa kuti ndi nkhani ya chilumba.

Teremu yonse ndinkaphunzitsa buku lakalekale la mlendo wapanyanja amene amafika m'mayiko achilendo n'kumaseka mafumu ndi malamulo awo. Ndinawauza ana kuti olemba ambiri anatengera njira yomweyo: umapeka dziko lakutali kuti unene zosaneneka. Ndiye ine, pofuna kuonetsa ukatswiri, ndinalemba chitsanzo changa. Mlendo wanga anafika pachilumba cha nyumba zazitali zonyezimira, kumene omanga nyumbazo amabweretsedwa ndi kuchotsedwa pamabasi kuti eni chilumba asawaone. Zimenezi ndinkaziona tsiku ndi tsiku mumzinda womwe uno. Ndinagawira mwana aliyense pepala lake, anapita nalo kunyumba. Uphunzitsi wa kwathu umenewo, kugawa manotsi ngati mtedza.

A Issa, ahedi athu, anali atayala pepalalo patebulo, pambali pake fayilo ya kontrakiti yanga. Sanakweze mawu. Bola akanakalipa.

"Makolo akufunsa kuti chilumbachi chili kuti," anatero. "Ndawayankha ndi manotsi anu omwe. Munalemba kuti olemba mabuku otere amanyoza dziko lakwawo, osati la eni. Si choncho?"

"Ndi choncho, bwana."

"Ndiye lembani dzina la kwanuko pamwambapa, musayine. Nkhani ithe lero."

Ndinaganiza za mphunzitsi mnzathu amene chaka chatha anapatsidwa sabata imodzi kuti alongedze. Ndinaganiza za mwana wanga Jemimah, ali Folomu 3 ku Zomba, akudalira ntchito yomweyi. Kwathu tili ndi zathu zochititsa manyazi, ndingazilembe mpaka inki kutha, koma ichi si chathu. Ndinakwiya, ndipo ndinachita mantha kuposa kukwiyako.

Ndinalemba kuti Malawi, zilembo zazikulu ngati pabolodi, ndinasayina.

A Issa anatsegula chitseko n'kuitana makolo aja. Mmodzi wa iwo, bambo, anawerenga pamwamba pa pepalalo, nkhope yake inamasuka, kenaka anandiyang'ana ndi chisoni chenicheni.

"Pepani, madam," anatero. "Sitinkadziwa kuti kwanu anthu mumawachita zotere."