Kamatirikisi Kamene Kanagwetsa Mutu Wachitatu

Mayeso a digiri yake ya udokotala wa masamu anali Lachisanu, ndipo cholakwikacho anachiona Lachiwiri m'mawa, ali pamzere wa fotokope. Anzake ankamutchula Nachoko, chifukwa fumbi la choko silinkachoka pa siketi yake. Analemba kumbuyo kwa envelopu, nawerenga kawiri, nachoka pamzere.

Pulofesa amene ankamuyang'anira anawapeza mu ofesi akusenda lalanje pamwamba pa pepala la wophunzira wina.

"Abwana, ndibwerekeko bolodi."

"Lemba, mwana wanga. Koma nambala ya makaniko iyo usandifufutire."

Fiyoremu, kapena kuti lamulo la masamu, imene inawakweza pampando wa upulofesa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo inkanena za maopareta a Toeplitz, timakina ta m'masamu, amene chizindikiro chawo ndi matirikisi, ndiko kuti manambala oikidwa m'timabokosi. Inkati opareta yotere ikakhala ya mtundu wotchedwa sabunomo, ndiye kuti ndi ya mtundu wa nomo kapena wa analitiki, njira yachitatu palibe. Mutu wachitatu wa buku la digiri la Nachoko, masamba makumi anayi, unatsamira pamenepo ngati denga pa mzati umodzi.

Nachoko anajambula timabokosi tinayi. Kumtunda kumanzere anaika chizindikiro cha opareta ya nomo, kumunsi kumanja cha analitiki, m'totsalato mazero.

"Yonseyi ndi sabunomo. Koma si nomo, chifukwa cha kapansika. Si analitikinso, chifukwa cha kapamwambaka."

Pulofesa anasiya lalanje. Anasolola pepala lawo lakale la fiyoremuyo pa shelefu, nayenda ndi chala mzere ndi mzere. Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi chala chinaima. Pamenepo, A kuchulukitsa ndi B anaitembenuza kukhala B kuchulukitsa ndi A. Manambala wamba amalola zimenezo. Matirikisi salola, ndipo iwo eni amalakwitsira ana a chaka choyamba chinthu chomwechi.

"Waona wina ndani?"

"Inu ndi envelopu."

"Tamvera. Okuyesa aja, mmodzi ndinkadya naye mbale imodzi kusukulu. Winayo akapyola tsamba lachitatu tulo timamutenga. Pita Lachisanu ukakhoze. Izi tidzazikonza mwakachetechete, iwe uli Dokotala kale."

"Fiyoremuyi ndi yabodza, abwana."

"Yabodza? Pakamwa apo! Ikungosowa kachiganizo kamodzi."

"Kachiganizoko mukakaika, maopareta anga onse atsala panja."

Pulofesa anapukuta zala pa kansalu.

"Ndiye ukaimitsa mayeso, ndi chaka china chathunthu, mwinanso ziwiri. Walira mvula walira matope, mwana iwe. Ine mpando wanga suchoka. Amene uvutike ndiwe."

Zimenezo Nachoko ankazidziwa. Anatsika masitepe, nalowa kwa mlembi wa dipatimenti, mayi wina amene ankatayipa ndi zala ziwiri koma mwachangu kuposa aliyense.

"Anti, ndipatseni fomu yoimitsira mayeso."

"Iii, achemwali, holo ndasungitsa kale, mipando ndapempha. Ndani wadwala?"

"Palibe."

Malo olembapo chifukwa anali kamzere kamodzi. Nachoko anajambulapo timabokosi take tinayi, pansi pake n'kulemba kuti mutu wachitatu wagwa. Mlembi anatembenuza fomuyo uku ndi uku.

"Apa anthu amalemba matenda kapena maliro. Ichi ndikauza akuluakulu kuti n'chiyani?"

"Akachiona adziwa."

Chidindo chinagwa.

Panja, pansi pa makonde, anaimbira foni mayi ake, amene anali atapempha kale tchuthi kuntchito kuti adzakhale pampando wakutsogolo.

"Amayi, Lachisanu musabwere."

"Walephera?"

"Ayi. Ndapeza cholakwika m'masamu."

"Ako?"

"A aphunzitsi anga."

Mbali inayo kunamveka mashini osokera akuima.

"Nanga akulakwa iwo, chaka akuwonjezera iwe bwanji?"

"Ndinamanga pa maziko awo osayamba ndawagwedeza."

"Ndiye iwowo awatani?"

Nachoko anayang'ana zenera la ofesi ija. Pulofesa anali ataima pa bolodi, manja kumbuyo.

"Palibe, amayi. Mawa ali ndi kalasi naini koloko."