Tsiku Lovala Chotembenuza

Amayi anatuluka kuchipinda atavala diresi chotembenuza, misoko yonse ili pamtunda. Mwana wawo woyamba, yemwe banja lonse linkangomutcha Aphunzitsi, anaika kapu pansi.

"Amayi, bwererani mukavale bwino. Bambo sanathe n'sabata yomwe m'manda."

Amayi anangoloza kalendala. Tsikulo linali lozunguliridwa ndi choko cholembera nsalu, ndipo dzanja lake linali la malemu.

Malemuwo anali telala, ndipo anali ndi tchuthi chawochawo chimene boma silinkachidziwa. Chaka chilichonse pa tsikuli, aliyense wa m'nyumbamo ankavala chotembenuza n'kuyenda mpaka kumapeto kwa msewu ndi kubwerera, iwo ali patsogolo, tepi ili m'khosi. Ukawafunsa chifukwa, ankati telala weniweni amadziwika ndi mkati mwa chovala. Aneba anaseka zaka zoyambirira mpaka nthiti kuwawa, kenako anazolowera n'kumawaimitsa kuti aone misoko.

Aphunzitsi anazileka zimenezi atangosinkhuka. Ankachita manyazi, ndipo manyaziwo anakula nawo limodzi. Tsikuli likafika sankasowa chonamizira: mayeso, mutu, msonkhano. Bambo sankadandaula, ankangoti chaka chamawa chiliko.

Mlongo wake wa Aphunzitsi, dalaivala wa basi, anatulukira matumba a thalauza ali lendelende ngati makutu a galu.

"Achemwali, musatiyang'ane ngati tachedwa m'kalasi."

Aphunzitsi sanaseke. Anati anthu akubwerabe kudzapepesa, ndiye adzati chiyani akaona namfedwa mumsewu ali choncho? Adzati mutu wasokonekera, kapena adzati akusangalala. Dalaivala anati pakamwa pa anthu sipasowa nkhani ngakhale utavala suti, ndipo akangolumpha chaka chino, tsikuli lilowa m'manda momwemo.

"Lilowe," anatero Aphunzitsi. "Anali masewera a bambo. Apite nawo."

Amayi anakhala pampando wa makina osokera n'kupukuta fumbi ndi chikhatho.

"Tsikuli si la bambo ako, mwanawe. Ndi lako."

Anafotokoza motsitsa mawu. Aphunzitsi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atangoyamba sukulu, anaumirira kudziveka yekha n'kupita yunifolomu ili chotembenuza. Kalasi yonse inamuseka. Anabwera akulira, n'kubisala kunsi kwa tebulo lodulira nsalu, akulumbira kuti kusukulu sadzapondakonso. M'mawa mwake bambo anatembenuza jekete lawo, anauza amayi kuti achite chimodzimodzi, ndipo anamugwira mwanayo dzanja. Aliyense wokumana naye ankamuuza kuti lero ndi tsiku lovala chotembenuza, osadziwa ndi otsalira. Ngakhale mphunzitsi wamkulu anauzidwa zomwezo pageti, bambo nkhope ili gwa.

"Anandiletsa kukuuza," amayi anatero. "Ankati mwana akaiwala misozi yake, usamukumbutse."

Kulirako Aphunzitsi sanakukumbukire. Chimene chinabwera m'maganizo mwake chinali dzanja lalikulu lonunkhira mafuta a makina, ndi iye akuthamanga kuti alingane ndi mapazi a bambo. Manyazi anabweranso, koma a mtundu wina. Zaka makumi awiri anawasiya bambo akuyenda mumsewu chifukwa cha iye, mwiniwake atabisala.

Dalaivala anatsegula pakamwa kuti aseleule, koma ataona nkhope ya achemwali ake anangoyang'ana kudenga.

Aphunzitsi anavula jekete. Bambo anamusokera limeneli atangolembedwa ntchito, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi anali asanalitembenuzepo. Anakoka mkono umodzi, kenako winawo. Mkati, kunsi kwa thumba lakumanzere, munali kachigamba kabuluu kofwifwa, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kosokedwa pamanja mosamala. Panalibe pong'ambika poti kachigambako katseke. Inali nsalu ya yunifolomu ija.

Anakasisita ndi chala kwa kanthawi. Kenako anavala jeketelo momwemo, anatenga tepi pamsomali n'kuikoleka m'khosi mwa amayi.

"Tsogolani, amayi," anatero, akutsegula chitseko.