Pensulo Imodzi, Maso a Gulu Lonse

Jesinta anadzuka Lachinayi diso lakumanzere litamatirira, pomwe ukwati wake unali Loweruka lomwelo ku tchalitchi cha ku Kasina. Atalitsuka ndi madzi linatseguka pang'ono, lofiira psuu, chikope chitatupa, mafinya akutuluka m'mbali.

"Azakhali, tabwerani mudzaone!" anakuwa.

A Magadalena, azakhali akewo, amene anabwera kudzayendetsa za ukwatiwo, anasiya nyemba zomwe ankasankha. Atangoona disolo anagwira kumutu.

"Mayo ine! Mkwatibwi diso lotere? Akuchimuna akatiseka mpaka chaka chamawa. Gona apa, tifinyiremo ndimu. Ife tinakula tikutero."

Azakhaliwo anali munthu wosafuna kutsutsidwa, ndipo Jesinta anali ndi mantha. Anagona pamphasa, mutu pamiyendo pawo. Iwo anakanula chikopecho ndi zala, dzanja lina litagwira ndimu wodula kale.

"Imani kaye, mayi!"

Anali a Mervis, alangizi a zaumoyo oyandikana nawo nyumba, amene ankabweretsa mbale zobwereka za paukwati. Anaziika pansi n'kugwira mkono wa azakhaliwo.

"Ndimu ameneyo akawotcha diso, mwanayu akhoza osadzaonanso. Musathiremo kalikonse, kaya mchere, shuga kapena mkodzo."

"Nanga tingokhala manja lende, ukwati uli mkuja?" anatero a Magadalena mokwiya, ndimu akadali m'manja.

A Mervis sanakangane nawo. Anagwada n'kufunsa Jesinta chimene anapaka m'maso masiku apitawo.

Jesinta anafotokoza mwamanyazi. Lolemba, atatha kuyeserera masitepe ovina paukwati, iye ndi atsikana operekeza ukwati anayesa zodzoladzola. Pensulo yakuda yolembera m'maso inali imodzi, yogula patsiku la msika, yopanda n'chivindikiro chomwe. Ndi kuzizira kwa mu Juni inauma gwa, ikukana kulemba. Ndiye aliyense ankayamba wainyambita, n'kulemba mkati mwa chikope, n'kupatsira mnzake.

"Mwa anzakowo panalibe wodwala maso?"

"Diso la Rute linali lofiira, koma anati ndi utsi wa kukhitchini."

"Si utsi umenewo. Matenda a Rute anayenda ndi pensuloyo, ndipo malovu anawonjezera tizilombo tina. Nyamuka, tipite kuchipatala pompano."

Kuchipatala adokotala anaunika disolo ndi tochi nthawi yaitali. Jesinta anagwira chitenje cha azakhali ake.

"Adokotala, ndidzaonanso?"

"Mudzaona. Matendawa sanalowe mkati, mwabwera msanga. Mukanathiramo ndimu, bwenzi tikukamba zina."

A Magadalena anayang'ana pansi.

Adokotala anapereka mankhwala opaka m'maso, n'kulamula kuti asadzole chilichonse kumaso mpaka disolo litachira. Madzulo a Mervis anasonkhanitsa atsikana onse. Rute ndi mnzake wina amene maso anali atayambanso kufiira anawatumiza kuchipatala, pensulo ija anakaiponya m'chimbudzi.

"Kudzikongoletsa sikulakwa," anawauza. "Koma aliyense akhale ndi pensulo yakeyake, yogula ili yotseka bwino. Sambani m'manja musanalembe. Ikauma isongoleni, osainyambita. Lembani kunja kwa chikope, osati mkati, ndipo pukutani musanagone."

Loweruka m'mawa kutupa kunali kutaphwa, kufiira kutatsala pang'ono. Azakhali, poti khalidwe silisintha tsiku limodzi, anamunong'oneza kuti angolemba kamzere kakang'ono, zithunzi zisaoneke zoyera mbuu.

"Ayi, azakhali. Zithunzi zioneke mmene zionekere," anayankha Jesinta.

M'tchalitchi, Vinsenti, mwamuna wake, atavundukula velo, anapeza nkhope yopanda mzere ngakhale umodzi. Jesinta anamuona bwinobwino, ndi maso onse awiri.

Zodzola m'maso sitibwerekana, ngakhale ndi mnzathu wapamtima. Diso likafiira kapena kutupa, musathiremo za kunyumba. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa diso likawonongeka palibe kokagula lina.