Kambuku wa ku Chambe

Madayisi atangoima pathebulo, Godwin anagwira mutu. Achifwamba a m'nthano ya masewero awo anali atazinga gulu lonse pa mlatho, ndipo otsala ndi mphamvu anali a Austin okha.

Sheila ndiye ankatsogolera masewerowa Lamulungu lililonse masana, kuseri kwa golosale ya Millie pa Chinakanaka. Iye ankasimba nkhani, anzakewo aliyense ali ndi munthu womusewera, madayisi n'kumagamula ngati zomwe wayesa zatheka. Achimwene ake, a Austin, ankasewera duluwidi, munthu wa m'nkhalango wotha kusanduka nyama. Koma lamulo lake linali lothina: kuuluka ayi, kulankhula uli nyama ayi, ndipo nyamayo ikhale yoti unaionapo ndi maso. Pothawa mikangano, anapangana kalekale kuti masowo akhale a wosewera mwiniwake. N'chifukwa chake a Austin ankangosanduka nyani, nguluwe, tsiku lina mpaka bakha.

"Ndisanduka kambuku," anatero a Austin.

Nkhani ya kambukuyo panalibe wosaidziwa. Chaka chatha, akulambula njira zotchingira moto kuphiri la Chambe, a Austin anagwera m'phompho n'kuthyoka mwendo, ntchito n'kuthera pomwepo. Iwo ankati chinawagwetsa ndi kambuku. Anthu ankati ndi kachasu, poti kambuku kuphiriko amamuonanso ndani masiku ano? Sheila sanawatsutsepo, komanso sanawavomerepo. Anangowakokera ku masewerowa kuti azitulukako m'nyumba.

"Lamulo liposa mphamvu, akulu," anatero Godwin, amene pakamwa pake panalibe chitseko. "Kambuku wa m'botolo sitimuwerengera."

Millie anayesa kuzimitsa motowo, amvekere nguluwe nayo ikhoza kubalalitsa achifwambawo. A Austin anangoyang'ana mlongo wawo.

Sheila anachita mantha, chifukwa anadziwa kuti nkhaniyi yatuluka m'masewero. Akakana, ndiye kuti wawatchula abodza pagulu. Akawalola mowamvera chisoni, ngati mwana womusiyira chigoli, iwo azindikira, ndipo chimenecho chiwapweteka koposa. Choncho anachita zimene ankachita ndi aliyense wotchula nyama yatsopano.

"Tiuzeni mmene ankaonekera, achimwene."

A Austin anayamba mokayika. Anati kambukuyo anali wamng'ono kusiyana ndi wa pazithunzi, woonda, khutu limodzi long'ambika. Anagona pathanthwe akuothera dzuwa, nsonga ya mchira yokha n'kumagwedezeka.

"Sanandithamangitse n'komwe," anatero motsitsa. "Anangondiyang'ana. Ineyo ndi amene ndinkabwerera chafutambuyo, osadziwa kuti kumbuyoko nthaka yatha."

Sheila anaganiza kuti wabodza akanadzipatsa kambuku wolusa, wa mano ngati zikwanje, osati wogona padzuwa. Kenako anagwidwa ndi manyazi. Chaka chathunthu, m'nyumba imodzi, ankawafunsa za mwendo, za mankhwala, za chakudya, koma funso ili anali asanafunsepo.

"Paja wamisala anaona nkhondo," anatero Millie akumugunda Godwin ndi chigongono. Godwin anangoweramira pepala lake la masewero.

Sheila anakankhira madayisi kwa achimwene akewo n'kubwerera ku mawu ake osimbira nthano.

"Achifwamba aja atacheuka, anaona kambuku wa khutu long'ambika ataima pakati pa mlatho. Ponyani, achimwene."