Paipi Yomaliza ya Anamchenga

Anthu ena amaphunzira mpaka imvi kuti azichiza odwala, ena kuti aziweruza milandu. Mayi uyu anaphunzira mpaka imvi kuti azifunsa mchenga zaka zake. N'chifukwa chake abale anamupatsa dzina loti Anamchenga, ndipo akakumana naye ankamutambasulira phazi: "Adokotala, tayezani fumbi ili, mutiuze tinabadwa liti."

Koma ntchitoyo inali yeniyeni. Mchenga ukakwiririka pansi umayamba kusunga kamphamvu pang'onopang'ono, ngati mpongozi wosunga chakukhosi. Ukauika m'makina umatulutsa kamphamvuko ngati kuwala, ndipo kuchuluka kwake ndiko kumaulula zaka zimene mchengawo wakhala osaona dzuwa. Vuto ndi limodzi: ukangoona kuwala usanayezedwe, umaiwala zonse, psiti, kuposa mboni yamantha. Choncho amautenga pokhomera paipi yachitsulo m'khoma la dothi, n'kutseka uku ndi uku, kukatsegulira m'chipinda chamdima momwe mumayaka kagetsi kofiira kokha. Switchi ya getsi lalikulu Anamchenga anaimata yekha ndi tepi, ndipo woyandikira pamenepo ankamva mawu oti amayi ake omubala sanamuuzepo.

Wokhoma mapaipiwo anali mwamuna wake, dalaivala wa galimoto ya kuntchito. Anamufunsira ali awiri m'dzenje, hamala ili m'manja. Inu mukanakana?

Moyo wake wonse mayiyu ankafuna kudziwa chinthu chimodzi: mtsinje wina wakale unaleka liti kuyenda pamalo pamene unkayenda. Pa phompho limene mtsinjewo unasiya anatengapo mapaipi khumi ndi awiri. Yomaliza, ya pansi penipeni, ndiyo inali ndi yankho. Bamboyo anaikhoma dzuwa litapendeka, akudandaula msana. Sabata yotsatira anagonekedwa m'chipatala, mwezi usanathe anamuika m'manda. Chaka chomwecho omanga msewu anathira simenti phompho lonse lija.

Paipiyo inakhala pa shelefu zaka zitatu. Zinzake zonse zinayezedwa, iyo ayi.

"Adokotala," anatero mayi woyendetsa makina m'mawa wina, mnzake wa zaka makumi awiri, "mwezi uno mukupuma pa ntchito. Paipi ija mukaigoneka pabedi kapena?"

"Mawa, achemwali."

"Mawa lanulo lamera ndevu. Makina ndakonza, ndili panja pano. Mukatha mundiitane."

Anamchenga analowa, n'kutseka zitseko zonse ziwiri. M'kuwala kofiirako manja ake ankaoneka ngati a munthu wina. Anachotsa chotsekera cha mbali imodzi, napala mchenga wa kukamwa n'kuuika padera, poti umenewo unaonako dzuwa tsiku lokhoma. Kenako anakokolola wa pakati, weniweniwo, nauyala bwinobwino m'mbale yagalasi. Sunadzaze n'chikhato chomwe. Zaka makumi atatu za ntchito, abale, kamchenga koti nkhuku singatembenukire.

Atafika kumapeto kwa paipi, kasupuni kanagunda pepala. Sizinamudabwitse, bamboyo ankatsendera mapepala kuti mchenga usamagwedezeke panjira. Koma ili silinali lofwanyafwanya ngati enawo. Linali lopindidwa kanayi, mwaulemu.

Analitambasula. Loyera, lopanda kanthu. Atayendetsa chala anamva timizere tolowa, ta munthu wolemba motsindika atatsamiza pepala pabondo. Anazindikira pomwepo. Bolopeni yofiira! Bambo uja sankayenda ndi ina m'thumba la shati, ndipo inki yofiira pa getsi lofiira sioneka.

Akanatha kuvundikira mbale. Akanatha kutuluka nalo pepalalo, chitseko chinali mapazi atatu okha. Ophunzira mazana anawaphunzitsa zimenezo, ena mpaka kuwaliza. Koma mutu wa dokotala unali utachoka, panatsala mkazi wamasiye. Dzanja linapita lokha kukhoma, tepi inang'ambika, getsi lalikulu ng'aa!

Pepalalo linati: "Mayi, ine njala yandipha kuno. Mchenga wadikira zaka zikwizikwi, udikiranso mawa. Mukawerenga izi tulukani mumdimamo, ndili pa galimoto."

Anaseka kaye, kuseka kwenikweni, poti m'maganizo anamuona bamboyo akulemba mobisa, akuyembekeza kuti pakangotha sabata mkazi wake atuluka akumutukwana. Kusekako kunathera pakati. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, pepala lili pachifuwa.

Woyendetsa makina anamva kulira, n'kulowa chothamanga. Atatsegula chitseko chachiwiri anaphimba maso.

"Mayo, adokotala, getsi!"

Onse awiri anayang'ana mbale ija. Mchenga unali phee pansi pa getsi, woyera bwino, wosasiyana ndi umene ana amaseweretsa pabwalo.

"Mwina wa pansi sunaone kuwala," anatero mnzakeyo.

"Ndinauyala ndekha, achemwali. Mopyapyala, monga ndimaphunzitsira. Palibe kamchenga kamene kaphonya kuwalaku."

"Nanga phompho lija..."

"Pamadutsa malole."

Mnzakeyo anagwada pambali pake. Anamchenga anamupatsa pepala. Mnzakeyo anawerenga milomo ikuyenda, napukusa mutu, misozi ili mbwembwembwe.

"Alamu anga amenewa! Moyo wonse osawononga paipi ndi imodzi yomwe, kudzawononga ali kumanda."

"Musawanamizire. Switchi ndakhudza ndine."

Anakhala choncho kanthawi, azimayi awiri aimvi pansi ngati ana olangidwa.

"Ndiye mu lipoti tilembamo chiyani za mtsinje uja?"

"Lembani kuti sitikudziwa. Lembaninso kuti palibe adzadziwe."

Mnzakeyo anadzuka mogwira bondo, natambasula dzanja kuti azimitse getsi, poti chizolowezi sichimva maliro.

"Lisiyeni," anatero Anamchenga. "Bweretsani kuno pepalalo. Sindinamalize kuliwerenga."